Mmene mungalembere mbiri ya amayi anu opemphera yoti iwerengedwe pa maliro kapena pa chiliza

Tsiku lomwe tinaika amayi athu mbiri yawo sinathe ndi mphindi ziwiri zomwe. Wachibale wina yemwe tinamupatsa pepala usiku pa siwa anaimirira nkunena kuti malemu anabadwa chaka chakuti, anakwatiwa chaka chakuti, anali mayi wapakhomo, sanagwireko ntchito, asiya ana asanu ndi mmodzi ndi zidzukulu zakuti, basi nkukhala pansi. Mawu oti "sanagwireko ntchito" aja mpaka lero amandilasa mumtima. Munthu wodzuka tambala asanalire, wolima, wosinja, wolera ana ake kuphatikizapo amasiye atatu a mng'ono wawo, munthu yemwe chiyambire kukhala ndi nzeru ine sindinawaonepo atajomba ku Chigwirizano, gulu la amayi a kumpingo kwawo, pokhapokha atagona ndi malungo, eti sanagwireko ntchito. Wachibaleyo sindimuimba mlandu, tinamuuza mochedwa ndipo anafe mitu inali itaima. Koma chaka chotsatira pomanga chiliza ndinati ulendo uno mbiri ndilemba ndekha, nde zomwe ndinaphunzira pamenepo ndi zomwe ndikukupatsani apa, kuti inuyo mukadzafika pa tsiku limenelo musadzagwire njakata ngati ife.

Choyamba penipeni, musanafunse munthu aliyense, pezani Baibulo lawo. Amayi opemphera ambiri ofesi yawo imakhala mmenemo. La amayi athu linali Buku Lopatulika lakale lija, chikuto chinatha kalekale nde analikuta ndi pepala la shuga nkulimanga ndi mphira, ndipo nditalitsegula ndinapezamo makadi a mpingo, kalata ya ukwati itapindidwa kanayi, malisiti a zopereka, chithunzi cha abambo ali mnyamata, ndi tsamba loyambirira lomwe analembapo mayina athu tonse ndi masiku obadwa, pamodzi ndi dzina la mwana wina yemwe anamwalira ali wakhanda ine ndisanabadwe. Mwana ameneyo ine sindinkamudziwa dzina. Onaninso masamba omwe ada ndi manja, ndi mavesi omwe anawadula mzere kunsi, chifukwa pamenepo ndi pomwe mtima wawo unkakhala. Mukatha apo yang'anani mu sutikesi kapena mu chikwama chomwe ankasungamo yunifomu ya gulu la amayi a kumpingo, buku la nyimbo, chitupa cha unzika ndi mabuku akuchipatala. Chilichonse jambulani ndi foni nthawi yomweyo, pa maliro katundu amayenda manja ambiri ndipo mapepala amasowa osadziwika yemwe watenga.

Kenako nkhani ya zaka. Apa musathamangire kukopera zomwe zili pa chitupa cha unzika chija tinalembetsa mu 2017, chifukwa achikulire ena pa tsiku lolembetsalo ankangotchula chaka chomwe chabwera mmutu, athu anachita zomwezo. Njira yabwino nkufunsa akuluakulu omwe atsala, azakhali, amalume, kapena mnzawo yemwe anakulira naye limodzi, ndipo osafunsa kuti "anabadwa chaka chanji" ayi, sangakuyankheni. Funsani ndi zochitika. Pa njala ya 1949 anali atabadwa? Ankayenda kapena anali kumsana? Pomwe dziko linkalandira ufulu mu 1964 anali atatha msinkhu? Pomwe ndalama inasintha kuchoka ku mapaundi ndi mashereni kubwera kwacha ndi tambala mu 1971 anali ndi ana angati? Ngati abambo anapitako ku Wenela, anabwerako isanagwe kapena itagwa ndege ija ya ku Francistown mu 1974, pomwe a Kamuzu analetsa anthu kupita ku migodi ya ku Joni? Za riferendamu ya 1993 ndi njala ya 2002 nde ambiri amazikumbuka bwinobwino. Ife azakhali anatiuza kuti pa njala ya 49 amayi anali kumsana akuyamwa, nde tinadziwa kuti chitupa chinawachepetsera zaka. Ngati chaka chenicheni sichikupezeka lembani kuti "cha m'ma 1948", palibe chamanyazi pamenepo, kusiyana nkunena bodza pamaso pa anthu omwe anawaona akubadwa.

Mukatha za kubanja pitani ku mpingo, ndipo pitani mwaulemu, osati kungoimba foni. Ku CCAP munthu woyamba kumuona ndi mkulu wa mpingo wa dera lawo, iyeyo akulondolerani kwa mlembi wa mpingo yemwe amasunga mabuku. Funsani kuti anabatizidwa liti ndipo kuti, kalasi anaphunzira kuti, ukwati anadalitsira mpingo uti, ngati anasamukako kalata yawo inachokera kuti, ndi chaka chomwe anavala yunifomu. Chaka chovala yunifomu chimenechi musachiphonye, kwa amayi athuwa limakhala tsiku lalikulu ngati la ukwati. Ku Katolika yambirani kwa atsogoleri a mphakati wawo kenako ku ofesi ya parishi komwe kuli mabuku a ubatizo. Mabuku ena akale anadyedwa ndi chiswe kapena ananyowa, mukapeza choncho musakhumudwe, lembani zomwe zapezekazo.

Ndipo dzina la gulu lawo mulitchule molondola chonde. Anthu timangoti "amayi a mvano" kwa aliyense wovala zoyera, koma eni ake amadziwa kusiyana kwake. Ku Sinodi ya Nkhoma ndi Chigwirizano, chomwe chinayamba mu 1940, ku Sinodi ya Blantyre ndi Mvano, ku Livingstonia ndi Umanyano, ku Seventh Day ndi a Dorika, ku Anglican ndi Mothers' Union. Mukasokoneza pamenepa, amayi omwe akhala pansi mozungulira bokosi aja sanena kanthu koma mumtima amadziwa kuti mwanayu mayi ake sankawadziwa bwino.

Tsopano apa ndi pomwe pali mtima wa ntchito yonseyi, nde ndichedwapo pang'ono. Mukawerenga Machitidwe 9 kuyambira vesi 36 mupeza nkhani ya Tabita, yemwenso ankatchedwa Dorika, wa ku Yopa. Atamwalira, Petro atafika, amayi amasiye aja anamuzungulira akulira, ndipo chomwe anachita ndi kumuonetsa malaya ndi zovala zomwe Dorika anasoka ali moyo. Anagwira chovala mmanja nkumuonetsa. Mbiri ya mayi wopemphera iyenera kulembedwa chonchi. Mawu oti "anali mayi wachikondi, wodzichepetsa, woopa Mulungu" amanenedwa pa maliro aliwonse mpaka anthu sawamvanso, amangodikira kuti amalize. Inuyo pezani malaya aja muwaonetse anthu.

Kuti muwapeze, khalani pansi ndi amayi awiri kapena atatu a gulu lawo, makamaka achikulire omwe ankayenda nawo, muwaphikire tiyi, muyatse rekoda ya pafoni mutawapempha kaye. Musawafunse kuti "amayi anali munthu wotani", akuyankhani kuti anali abwino basi nkhani yathera pompo. Afunseni zinthu zogwirika. Ankakonda kuyambitsa nyimbo iti? Pa maliro a anthu ena iwo ntchito yawo inali chani, kuphika, kusambitsa thupi, kugona ndi anamfedwa, kapena kulalikira usiku? Ndani yemwe anamuyendera ali mchipatala? Ndi banja liti lomwe linkatha iwo nkulikhazika pansi? Ndi atsikana angati omwe anawalangiza polowa m'banja? Munakanganapo nawo? Funso lomalizali limaoneka lachipongwe koma limatulutsa nkhani zenizeni, chifukwa munthu yemwe unakangana naye nkukhululukirana ndi amene umamukumbuka bwino.

Ine mayi wina wokalamba, woyenda ndi ndodo, anandiuza zomwe sindinkadziwa ngakhale ndinakulira mnyumba momwemo. Akuti mwamuna wake atamwalira, abale a mwamunayo atatenga katundu yense, amayi athu ankabwera kwawo mmawa uliwonse kwa mwezi wathunthu ndi kambale ka ufa atakabisa mu chitenje kuti anthu asaone, nkukasiya kukhitchini osanena kanthu, kenako nkukhala naye pa mkeka kupemphera. Ife kunyumba tinkangoona ufa ukutha msanga nkumaganiza kuti ndi mbewa kapena wina akuba. Nkhani imeneyi nditaiwerenga pa chiliza, osatchula dzina la mayiyo, anthu anangoti zii, ndipo kumbali ya azimayi kunamveka kulira kwapansipansi. Mawu chikwi oti "anali achifundo" sakanafika pamenepo.

Chitaninso chimodzimodzi ndi abale anu. Tsegulani gulupu ya WhatsApp ya ana ndi zidzukulu zokhazokha, kuphatikizapo omwe ali ku Joni, ku Harare, ku UK kapena kwina kulikonse, nkuwauza kuti aliyense atumize voice note ya mphindi imodzi yonena chinthu chimodzi chomwe anawaona amayi akuchita. Chimodzi chokha, ndipo chooneka ndi maso. Muwapatse tsiku lomaliza apo bii adzatumiza mwambo utatha. Zomwe zinabwera kwathu zinali ngati izi, wina anakumbuka mmene Lachitatu usiku ankasitira bulauzi ndi duku loyera ndi simbi yamakala, akuuzira phulusa kuti lisadetse nsalu, nkuzipachika pa chingwe mchipinda kuti pasapezeke mwana wozikhudza ndi manja a nsima. Wina anakumbuka kuti tikakolola, chimanga chisanalowe mu nkhokwe, ankayamba apatula cha masika cha ku tchalitchi, ndipo ankasankha ngala zazikuluzikulu, zonyozeka zinkatsalira ife. Ine ndinakumbuka pemphero la mbandakucha lomwe tinkalimva kudzera pakhoma, akutitchula mayina mmodzimmodzi kuyambira wamkulu mpaka chitsirizira, ndipo akafika pa yemwe wavuta nyengo imeneyo ankachedwapo, nde tonse tinkadziwa kuti panopa wolemera mumtima mwa amayi ndi ndani.

Zikasonkhana zonsezi mudzapeza kuti zachuluka, nde sankhani zitatu basi, zinazo musunge. Imodzi ya pakhomo, imodzi ya ku mpingo, imodzi ya kwa anthu ena apamudzi kapena mu lokeshoni.

Polemba penipeni, dongosolo lomwe anthu analizolowera musalitaye, akuluakulu amalidikira. Yambani ndi ulemu kwa abusa, akulu a mpingo, amfumu, amayi a gulu ndi onse obwera. Kenako dzina lawo lonse, ndi la kwa makolo awo lomwe, ndi mfunda wawo ngati ankaitanidwa nawo, kaya Naphiri kaya Nabanda kaya Nangozo, chifukwa anthu ambiri kumudzi dzina la pa chitupa salidziwa nkomwe. Mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lomwe anabadwira, makolo awo, anali wachingati kubadwa. Sukulu ngati anapitako, ndipo ngati analekera sitandade 3 nenani mosabisa, mwinanso muonjezere kuti kuwerenga anakuphunzirira pa Baibulo kapena ku sukulu ya kwacha ngati zinali choncho. Ukwati. Kenako moyo wa chikhristu ndi maudindo omwe anakhalapo, kaya msungichuma, kaya mlangizi, kaya wapampando. Apa nde ikanipo nkhani zitatu zija. Pomaliza ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi, kudwala kwawo mwachidule, ndi tsiku lomwe anatisiya.

Pa ntchito yawo, mmalo molemba kuti sanagwireko ntchito, tchulani ntchitoyo. Analima munda wa chimanga ndi mtedza zaka zonse, ankaphika zitumbuwa ndi mandasi nkulipirira ana fizi, ankasoka, ankaweta nkhuku ndi mbuzi, anasamala apongozi awo mpaka kuwatseka maso. Kumbukirani kuti pulayimale yaulere inabwera mu 1994, nde ngati munaphunzira chisanafike chaka chimenecho dziwani kuti fizi ndi yunifomu yanu zinachokera penapake, ndipo nthawi zambiri zinachokera pa lichero la amayi.

Pa kawerengedwe ka ana samalani kwambiri, apa ndi pomwe mabanja amayambanirana. Werengani onse omwe anabereka, amoyo ndi omwe anatsogola, ngakhale omwe anamwalira ali akhanda, mayi samaiwala mwana wake nde inunso musamuiwale. Ngati panali ana a banja loyamba alowemo. Ana omwe anawalera osawabereka atchulidwe padera ndi ulemu, amenewa nthawi zambiri ndi omwe amalira kwambiri pa maliro koma pepala limawadumpha. Ndipo chonde mbiri isasanduke ya ana. Ndamvapo mbiri zina zomwe theka lonse ndi lakuti mwana woyamba ndi dokotala ku Lilongwe, wachiwiri ali ku Amereka ali ndi madigiri awiri, kumachita ngati tabwera kudzaona ma CV. Mwana yemwe anatsala pamudzi nkumawatembenuza amayi pa mphasa, kuwachapira ndi kuwamwetsa phala amamva bwanji pamenepo? Ngati mukutchula ana tchulani mayina mofanana, basi.

Zina zoti zisalowe mpang'ono pomwe. Dzina la matenda musalitchule pokhapokha banja lonse litagwirizana, mawu oti anadwala nthawi yaitali kapena yochepa amakwana. Zoganizirana ufiti, za minda ndi nyumba, za yemwe sanabwere kudzazonda matenda, zonsezi zili ndi bwalo lake kwa eni mbumba mwambo ukatha. Ngati amayi anavutikapo m'banja, mwina abambo ankamwa kapena anakwatira kwina, musaulule pagulu zomwe iwo eni anazisunga zaka makumi anayi, koma musanamenso kuti linali banja la mtendere wokhawokha pomwe mudzi wonse ukudziwa. Mungathe kunena kuti anadutsa mu nyengo zowawa ndipo sanasiye kupemphera, omwe akudziwa amva. Chimodzimodzi ngati anaimitsidwako Mgonero nthawi ina nkubwezeretsedwa, zimenezo zisiyeni kwa abusa.

Vesi sankhani limodzi. Ambiri amathamangira Miyambo 31 kuyambira vesi 10, ya mkazi wangwiro ija, kapena 2 Timoteo 4:7, ndipo ndi mavesi abwino ndithu, koma ngati mu Baibulo lawo lija mwapeza vesi lomwe analidula mzere kapena tsamba lomwe linachita kuda ndi zala, tengani limenelo, ndi lawo. Kwa agogo omwe analera zidzukulu mu chikhulupiriro onaninso 2 Timoteo 1:5 pomwe Paulo akukumbutsa Timoteo za agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike. Koma musalalikire, ulaliki ndi wa abusa, inu werengani vesi nkupitiriza. Nyimbo yomwe ankaikonda muwauziretu amayi a gulu kuti adzaiyambitse inu mukangomaliza, iwowo amadziwa poiyambira.

Mukalemba, pepalalo lisapitirire masamba awiri olemba pamanja, kapena tsamba limodzi ndi theka lotayipa ndi zilembo zikuluzikulu. Liwerengeni mokweza muli nokha mukuyang'ana wotchi, likapitirira mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi dulani. Pa maliro anthu akhala padzuwa, adzukulu akudikira kumanda, ena akuyenera kupeza minibasi yobwerera. Pa chiliza mpata umakhalapo wochulukirapo, mpomwe mungaonjezere nkhani ina imodzi kapena ziwiri. Lembani mu Chichewa chomwe amayi eni akanamva, kapena chilankhulo chomwe ankapempherera, ngati pali azungu kapena zidzukulu zobadwira kunja apangireni pepala lawo lapadera, osati kuwerenga Chingerezi pamaso pa azigogo omwe anasenza nawo mitolo ya nkhuni.

Lisanawerengedwe pagulu lipite kaye kwa anthu atatu, amalume kapena mwini mbumba, mmodzi wa kuchimuna, ndi mkulu wa mpingo. Awerengereni mokweza, osangowapatsa pepala, ena maso anafooka ndipo sanganene. Akakonza chaka kapena dzina la mudzi landirani. Akafuna kuchotsa nkhani yomwe inu mukuiona kuti ndi yofunika, kambiranani mofatsa, nthawi zina amakhala akudziwa chifukwa chomwe inu simukuchidziwa. Mufunsenso mkulu wa mpingo kuti mbiri idzawerengedwa nthawi iti, chifukwa mwambo ukangoperekedwa mmanja mwa mpingo simungamangoimirira mmene mwafunira, ndipo mipingo ina mbiri ya chikhristu amawerenga okha kuchokera mmabuku awo, nde mugawane bwino kuti musabwereze zomwezomwezo.

Wowerenga akhale munthu woti mawu ake amamveka, ndipo pambali pake paime wina yemwe ali ndi kope yake ya pepalalo. Ine ndinkadziona wolimba mtima, koma nditafika pa mzere wa pemphero la mbandakucha uja kukhosi kunatsekeka, mawu osatuluka, nde mchemwali wanga anangopitiriza pomwe ndinalekera osachita kufunsa chifukwa tinali titapangana kale. Ngati pali ojambula video kuti abale akunja aonere pa WhatsApp kapena pa Facebook, muuzeni wojambulayo aime pafupi ndi wowerenga, phokoso la mphepo limameza mawu, komanso afunse kaye kubanja ngati nkololedwa kujambula nthawi yoona nkhope.

Za pa mwala wa chiliza nzachidule, dzina, chaka chobadwa ndi chomwalira, ndi vesi lija. Mulembereni wosema pa pepala ndi zilembo zazikulu, ndipo mupite mukaone ndi maso anu asanayambe kusema, chilembo chikalakwika pa mwala kukonza kwake ndi ndalama ina. Ngati chaka chobadwa chinali chongoyerekeza gwirizanani kaye pabanja chomwe mulembe kuti chifanane ndi cha mu mbiri.

Mwambo ukatha musataye zomwe zinatsala zija. Ma voice note onse, zojambula za makadi a mpingo, nkhani zomwe sizinalowe mu pepala, zisungeni malo awiri, pafoni pokha ayi chifukwa foni imabedwa kapena kufa, tumizaniko ku imelo kapena muike pa flash. Mbiriyo itayipeni bwinobwino, pangani mafotokope, mwana aliyense atenge yake, ina mukapereke kwa amayi a gulu lawo, iwonso aferedwa ndipo kawirikawiri timawaiwala tikangotsuka mapoto a pamaliro. Patapita sabata ziwiri kapena zitatu pitani tsiku lomwe amasonkhana mukawathokoze, mutenge ka shuga ndi masamba a tiyi ngati mungathe. Ife tinapita Lachinayi lina masana, tinawapeza atakhala pa mikeka kuseri kwa tchalitchi, ndipo malo omwe amayi ankakhala, pafupi ndi khoma chifukwa cha msana, anali asanakhalepo munthu.

Yunifomu ngati sanaikidwe nayo funsani atsogoleri a gululo kuti mwambo wake ndi wotani musanaipereke kwa wina aliyense, si chovala choti mwana angotenga nkumavala. Baibulo lija lipite kwa mwana kapena mdzukulu yemwe adzaliwerenge, osati wongolitsekera mu kabati. Lathu lili ndi mdzukulu wawo wamkazi wamkulu, ndipo kope imodzi ya mbiri ija tinaipinda kanayi nkuiika momwe munali kalata ya ukwati, nkumanganso ndi mphira womwe uja.